Ojambula Othawa Kwawo: Mapanga a ku Chipata ndi Zithunzi za Bahman Mohassess

M'mapiri a ku Chipata, Katete ndi Chadiza muli mapanga amene makoma ake ali ndi zithunzi. Odziwika kwambiri ndi Thandwe ndi Katolola m'dera la Chipata, Mkoma cha ku Katete, ndi Kalemba ku Chadiza. Zithunzi zina n'zofiira ndiponso zakale kwambiri: mizere, tozungulira ndi zinthu zonga makwerero, zimene akuluakulu amati zinajambulidwa ndi Akafula, alenje amene Achewa anawapeza m'dziko lino. Zina n'zoyera, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera losungunula ndi madzi, ndipo kawirikawiri zimakhala pamwamba pa zofiira zija, kusonyeza kuti zinabwera pambuyo. Munthu woona zoyerazi koyamba sachedwa kuzinyoza. Nyama yake ilibe miyendo yolongosoka, mutu ndi mchira zikungofanana, ndiye amafunsa ngati sanali ana obusa mbuzi amene ankangosewera. Mutu uno ukutsutsa maganizo amenewo. Mfundo yake ndi yakuti munthu akaletsedwa kuchita poyera chinthu chimene moyo wake watsamirapo, amachisungira m'chithunzi cha thupi, la munthu kapena la nyama, ndipo amalipotoza thupilo dala kuti linene zimene pakamwa sipaloledwa kunena. Kuti mfundoyi ioneke bwino, tiika zithunzi za m'mapanga athu pambali pa ntchito ya Bahman Mohassess, katswiri wojambula wa ku Iran, dziko limene kale linkatchedwa Persia, yemwe anakafera kuchilendo mumzinda wa Rome.

Mapangawa anthu akhala akuwagwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Katswiri wofukula za m'nthaka David Phillipson anakumba ku Kalemba, Thandwe ndi Makwe, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 1976. Ku Kalemba anapeza zida zamiyala zosonyeza kuti anthu ankakhalako zaka zoposa 30,000 zapitazo. Poyerekeza ndi zaka zimenezo, zithunzi zoyera n'zadzulodzulo, ndipo zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zinthu zotambasula miyendo, zojambulidwa ngati munthu akuziyang'ana kuchokera pamwamba, monga buluzi kapena chikopa cha nyama chokhomedwa pansi kuti chiume, ndipo nthawi zambiri thupi lake limakhala ndi madontho. Ofufuza, makamaka Leslie Zubieta, anasonyeza kuti izi n'zogwirizana ndi chinamwali, popeza maonekedwe ake amafanana ndi zoumba zadothi zimene anamkungwi amagwiritsa ntchito polangiza anamwali, kuphatikizapo chingondo chovala kumutu chokhala ndi madontho. Gulu lachiwiri ndi la nyama zojambulidwa cham'mbali. Mu 1978 ofufuza Lindgren ndi Matthew Schoffeleers analemba kuti nyamazi si nyama za m'tchire ayi, koma zilombo za Gule Wamkulu.

Aliyense amene anaonapo kasiyamaliro akutuluka pabwalo sangavutike kumvetsa zimene awiriwa anaona. Kasiyamaliro ndi wamtali kutsogolo ndi kumbuyo, msana wake ndi wolowa pakati, nyanga zili pamwamba, ndipo thupi lake limatsika mpaka kukhudza pansi, moti akamazungulira amakolopa fumbi. Wojambula wa m'phanga anatsata maonekedwe amenewa. Sanaiwale kujambula miyendo inayi yoonda ya mphalapala kapena ya ntchefu, koma sankajambula mphalapala. Chimene munthu wosadziwa amachiyesa kulephera ndicho chizindikiro chenicheni chimene mwini mwambo amachizindikira nthawi yomweyo. Apa pali kale phunziro loyamba la kaonedwe ka zithunzi: tisanaweruze kuti wojambula walakwitsa, tiyambe tafunsa kuti ankajambula chiyani, ndiponso ankajambulira yani.

Funso lotsatira ndi lakuti, n'chifukwa chiyani anthu a gule, amene mwambo wawo umakana kusiya zinthu zake poonekera, anayamba kujambula zilombo pamwala pamene sizifufutika msanga? Yankho lili m'mbiri ya zaka za m'ma 1800. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, ndipo patapita zaka makumi angapo gulu la mwana wake Mpezeni linadzakhazikika m'dera limene lero ndi Chipata. Midzi yambiri ya Achewa inabalalika. Ena anamanga malinga, ena anathawira m'mapiri, ena anatengedwa n'kukakhala pansi pa mafumu achingoni amene gule sankamufuna. Nkhondo ya Angoni ndi Angelezi itatha mu 1898, m'malo mwa mpumulo kunabwera otsutsa ena. Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Magwero mu 1899, a White Fathers anafika ku Kachebere mu 1903, ndipo mipingo yonse iwiri inkauza Akhristu ake kuti gule ndi ubatizo siziyendera limodzi. Boma la atsamunda nalo linaikapo dzanja, moti mwambo wa Kulamba unaletsedwa mu 1934 n'kudzayambiranso mu 1984. Benjamin Smith, m'kafukufuku amene anafalitsa mu 2001, anafika pa mfundo yakuti zithunzi za zilombo zinajambulidwa makamaka m'nyengo yovutayi, pamene gule sankatha kuvinidwa momasuka, kuti zikhale chokumbutsa ndi chophunzitsira olowa kumene. Bwalo litatsekedwa, khoma la phanga linasenza ntchito ya bwalo.

Tsopano tiyang'ane kutali. Bahman Mohassess anabadwa mu 1931 ku Rasht, mzinda wa kumpoto kwa Iran pafupi ndi nyanja ya Caspian. Ali mnyamata ku Tehran analowa m'gulu la alembi ndi ojambula amene ankafuna luso latsopano. Mu 1953 boma la nduna yaikulu Mohammad Mosaddegh linagwetsedwa mothandizidwa ndi Britain ndi America, mphamvu zonse n'kubwerera kwa mfumu ya dzikolo, Shah. Chaka chotsatira Mohassess ananyamuka kupita ku Rome kukaphunzira pa sukulu ya zaluso ya Accademia di Belle Arti. M'zaka za m'ma 1960 anabwerera kwawo n'kugwira ntchito mwamphamvu: ankajambula, ankaumba ziboliboli, ankatsogolera masewero a zisudzo, ndiponso anamasulira m'chinenero cha kwawo mabuku a alembi monga Italo Calvino, Curzio Malaparte ndi Eugène Ionesco. Komabe zaka khumizo zisanathe anabwereranso ku Rome. Boma la Shah litagwa mu 1979, olamulira atsopano achipembedzo sanafune ziboliboli za matupi osavala m'malo a anthu onse, ndipo ntchito zake zina zinachotsedwa, zina zinaonongedwa. Iye mwini pambuyo pake anaononga zithunzi zake zambiri ndi manja ake. Masiku ake omaliza ankakhala m'chipinda cha hotela ku Rome, anthu ambiri kwawo akuyesa kuti anamwalira kale. Kumeneko ndi kumene Mitra Farahani anamupeza n'kumujambula filimu. Anamwalira mu July 2010 filimuyo isanathe, ndipo inatuluka mu 2013 ndi dzina la chimodzi mwa zithunzi zake, Fifi Howls from Happiness.

Pa nthawi imene ojambula anzake ambiri ku Iran ankakongoletsa nsalu zawo ndi zilembo zokhotakhota za kalembedwe ka kwawo, ndipo ambiri ku Ulaya ankangopaka mitundu yopanda chithunzi cha chinthu chodziwika, Mohassess anakakamira thupi. Koma matupi ake ndi odabwitsa. Ndi olemera ngati osemedwa pamwala, khungu lake lokhakhala, manja ndi miyendo zikuluzikulu, mutu waung'ono kapena wopanda maso ndi mphuno. Fifi amene watchulidwa uja nkhope yake ndi dzenje lotseguka, kukuwa kopanda mawu. Ankajambulanso nsomba zili kunja kwa madzi, mbalame zolusa, ndiponso mobwerezabwereza Minotaur, chilombo cha m'nthano za Agiriki chokhala ndi thupi la munthu ndi mutu wa ng'ombe yamphongo, chimene chinatsekeredwa m'nyumba ya njira zosokoneza pachilumba cha Crete. Minotaur wa Mohassess kawirikawiri si wopambana. Amakhala pansi, wagwa, kapena akufa. Munthu amene anaona chiyembekezo cha dziko lake chikuphwanyidwa kawiri, mu 1953 ndi mu 1979, sanajambule asilikali kapena mayina a olamulira. Anajambula cholengedwa champhamvu chosowa kolowera, ndipo anthu a kwawo sanafunike wowamasulira.

Ojambula a ku Thandwe ndi munthu wa ku Rasht uyu sanadziwane, ndipo wina sanaphunzire kwa mnzake. Chimene chikuwalumikiza ndi vuto limodzi ndi njira imodzi yolithetsera. Onse analandidwa malo amene luso lawo linkayenera kuonekera: ena bwalo la m'mudzi, wina misewu ndi nyumba zoonetsera za ku Tehran. Onse anasankha thupi, chifukwa mizere ndi mitundu yokha singasunge chikumbukiro cha chinthu chamoyo chimene chinkayenda, kuvina kapena kuvutika. Onse anasankha thupi loima pamalire a munthu ndi nyama, pakuti pamalire pamenepo ndi pamene anthu a mitundu yambiri amakambirapo za imfa, mantha ndi mphamvu. Ndipo onse anachotsa pathupilo zimene diso la mlendo limayembekezera, n'kusiya zokhazo zimene mwini nkhani akufuna. Chithunzi chotere chimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: kwa wodziwa chimalankhula momveka, kwa wosadziwa chimakhala chete. Kwa munthu amene akusakidwa kapena kunyozedwa, ubwino woposa pamenepa palibe.

Wotsutsa woyamba anganene kuti tikukometsera umbuli. Mohassess anaphunzira ku Rome ndipo akanafuna akanajambula nkhope yofanana ndi mwini wake, choncho kupotoza kwake kunali kosankha, pamene wa m'phanga mwina sankatha kuchita mwina. Yankho lili pabwalo la gule lomwelo. Anthu amene anajambula kasiyamaliro ndi a mwambo umodzi ndi amene anatulutsa Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, ndi zilombo zina zotengera anthu ndi zinthu zimene zinabwera ndi atsamunda, mpaka galimoto. Kuti munthu atenge nkhope ya mlendo, asankhepo mtundu wa khungu, mphuno ndi kaimidwe, n'kuzikuza mpaka mudzi wonse uzindikire amene akunenedwa, pamafunika diso lakuthwa kuposa la wongokopera. Komanso chithunzi chofanana ndi nyama yeniyeni sichinali chachilendo m'dera lino: ku Katolola kuli ntchefu yaikulu yojambulidwa mwa maonekedwe ake enieni ndi anthu akale. Ojambula zoyera ankaziona zoterezi pamiyala ya kwawo, koma sanazitsanzire, chifukwa ntchito yawo inali ina. Luso siliyezedwa ndi kufanana kwa chithunzi ndi chinthu, koma ndi kukwanitsa kwake cholinga chimene anachijambulira.

Wotsutsa wachiwiri anganene kuti mawu akuti kuthawa kwawo sakuyenera mbali zonse ziwiri. Achewa ambiri sanachoke m'dziko lawo, ndipo Mohassess sanathamangitsidwe ndi mfuti, anakwera yekha ulendo wa ku Italy. Izi n'zoona, koma zikungotithandiza kuona kuti chimene chimasintha chithunzi si kutalika kwa ulendo. Mbiri ya Persia yomweyo ikupereka umboni. M'zaka za m'ma 1540 mfumu Shah Tahmasp inataya chidwi ndi zojambula, ndipo akatswiri awiri a kunyumba yake, Mir Sayyid Ali ndi Abd al-Samad, anatsatira mfumu Humayun, yemwe anali atathawa kuchoka ku India. Anakamupeza ku Kabul, kenako anapita naye ku Delhi mu 1555. Mu ulamuliro wa mwana wake Akbar anatsogolera ntchito yaikulu ya Hamzanama, nkhani yokhala ndi zithunzi pafupifupi 1,400. Anthuwa anapita kutali ndi kwawo, koma zithunzi zawo n'zodzaza ndi nkhope zomveka, zovala zokongola ndi akavalo othamanga, chifukwa kumene anafika anapeza mfumu yowalandira ndi anthu owaonera. Choncho munthu angathe kuoloka mapiri ndi zipululu osakhala wothawa m'luso lake, ndipo wina angathe kukhala wothawa ali pamtunda woyenda tsiku limodzi kuchokera pamudzi wa amayi ake. Kuthawa kumene tikunena pano ndi kulandidwa bwalo. Angoni enieniwo akudziwa zimenezi, pakuti iwonso anachoka kum'mwera pothawa nkhondo, ndipo atagonjetsedwa mu 1898, Nsingo mwana wa Mpezeni ataphedwa, mwambo wawo wa Nc'wala unazima mpaka unadzatsitsimutsidwa mu 1980.

Wotsutsa wachitatu ali ndi mfundo yolimba kuposa awiriwa, ndipo tiyenera kuivomera mbali ina. Si zithunzi zoyera zonse zimene zinabadwa m'masautso. Za chinamwali zija zikuoneka kuti zinayamba kale Angoni asanafike, ndipo amayi ankapita kumapanga osati pothawa adani, koma pofuna malo obisika olangizira ana awo. Choncho sitinganene kuti dothi loyera lililonse pamwala ndi misozi ya wothawa nkhondo. Koma kuvomera zimenezi sikugwetsa mfundo yathu. Kukusonyeza kumene amuna a gule anatenga njira yawo. Nthawi yovuta itafika sanapeke luso latsopano, anatenga limene linalipo kale pakati pa amayi ndi alongo awo, loti chiphunzitso chosanenedwa pagulu chingathe kuikidwa m'chithunzi cha nyama chimene wolangizidwa yekha ndiye angachimasulire. Mohassess nayenso sanapeke Minotaur, anamupeza m'nthano zakale za m'mayiko a kunyanja ya Mediterranean kumene anakakhala. Wothawa sayamba ndi manja opanda kanthu. Amatola chimene chili pafupi n'kuchisenzetsa katundu wolemera kuposa amene chinkanyamula kale.

Palinso mawu ochokera mbali ziwiri zosiyana amene onse amafuna kuti nkhaniyi isakambidwe. Eni mwambo ena amati zakudambwe saulula, ndipo Akhristu ndi Asilamu ena amati izi ndi za mizimu, zosayenera kuphunzitsidwa ana. Oyambawo akunena zoona, ndipo mutu uno sunapitirire zimene aliyense amaona pabwalo tsiku la maliro kapena pa Kulamba ku Mkaika, pamaso pa Kalonga Gawa Undi ndi alendo ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique. Kunena kuti chithunzi ndi cha kasiyamaliro sikuulula tanthauzo limene amalandira olowa okha, ndipo luso la ojambulawo lagona pomwepo, kuti chithunzi chingaonedwe ndi onse chinsinsi chili chisungikire. Kwa achiwiriwo, chitsanzo chili ku Mua m'boma la Dedza. Mishoni imene m'zaka za m'ma 1920 inalimbana kwambiri ndi gule ndi yomweyo imene bambo Claude Boucher anakhazikitsapo Kungoni Centre mu 1976, ndipo lero nyumba yake ya Chamare imasunga ndi kufotokoza chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Munthu sasowa kuvina gule kuti avomere kuti agogo ake anali anthu oganiza. Kudziwa chifukwa chimene anajambulira si kupembedza chimene anajambula.

Nkhaniyi ili ndi changu chifukwa dothi loyera silikhalitsa ngati utoto wofiira wa Akafula. Limasuluka ndi madzi, limada ndi utsi wa moto wosonkhedwa m'phanga, limakanganuka likakhudzidwa ndi manja, ndipo dzina limodzi lolembedwa ndi khala pamwamba pake limaononga chimene chinapirira zaka zoposa zana. Mohassess anaononga zithunzi zake mwadala, ali ndi chifukwa chake, pokana kusiyira cholowa dziko limene ankaona kuti silinamumvetse. Zathuzi zikatha sizidzatha chifukwa cha mkwiyo wa eni ake, koma chifukwa cha kusasamala kwa adzukulu awo. Tsidya la malire, dera la Chongoni ku Dedza, lokhala ndi malo 127 a zithunzi zofanana ndi zathuzi, linalembedwa ndi UNESCO m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, chaka chimodzi Gule Wamkulu wa m'mayiko atatu aja atalemekezedwa ndi bungwe lomwelo. Mapanga a Chigawo cha Kum'mawa ndi a mwambo womwewo, ndipo malire amene amawalekanitsa ndi Chongoni anaikidwa ndi atsamunda zithunzi zambiri zili kale pamiyala. Ku Zambia malo otere amatetezedwa ndi lamulo kudzera ku National Heritage Conservation Commission, koma lamulo lili ku Lusaka silingaletse mnyamata wonyamula khala m'phiri la ku Chadiza. Amene angamuletse ndi nyakwawa ya mudzi wapafupi, namkungwi, ndi mphunzitsi amene anamuuza kuti chimene chili pakhomacho n'chiyani.

Chifukwa chake kaphunzitsidwe kathu ka luso kayenera kusintha. Mwana wa ku Chipata akamaphunzira kujambula amauzidwa kuti chithunzi chabwino ndi chofanana ndi cha kamera, ndipo akamva za akatswiri amamva mayina a ku Ulaya okha. Mwana wotere akadzaona Minotaur wa Mohassess m'buku adzati ndi luso lakuya chifukwa lachokera kunja, koma akadzaona kasiyamaliro wa ku Thandwe adzati ndi zopakapaka. Kuweruza kotereku n'kolakwika mbali zonse ziwiri, popeza kumalemekeza wina chifukwa cha kumene anakhala ndi kunyoza wina chifukwa dzina lake silinalembedwe. Muyeso woyenera ndi umodzi kwa onse: wojambula anali pa vuto lanji, anasankha kusunga chiyani, anasiya chiyani, ndipo amene ankawajambulira anamva kapena sanamve. Pa muyeso umenewu ojambula a m'mapanga athu anapambana, pakuti mwambo umene ankauteteza unadutsa nkhondo, ziletso za mipingo ndi za boma, ndipo ukuvinidwabe. Masukulu a ku Chipata, Katete ndi Chadiza ali pafupi ndi mapangawa kuposa sukulu ina iliyonse ya zaluso padziko lapansi, ndipo mogwirizana ndi mafumu ndi eni mwambo ayenera kumatengerako ana kuti akaphunzire kuwerenga zithunzizi monga ntchito ya akatswiri.